Phula la m'khutu: cifukwa cake limatseka makutu ndi m'mene limacotsedwera

Kutsekeka kwa khutu cifukwa ca phula ndi limodzi la mabvuto a makutu amene anchito a zaumoyo amakumana nawo kawirikawiri, ndipo ndi limodzi mwa aja osabvuta kuciza. Komabe anthu ambiri amakhala nalo miyezi, ena zaka, akumamva mawu ngati ocokera kutsidya kwa mtsinje, cifukwa njira imene amayesa kudzithandiza nayo ndiyo imene imakulitsa bvutolo. Kamtengo ka macisa, nthenga ya nkhuku, kiyi, cipini ca m'tsitsi ndi timitengo tathonje togula m'sitolo, zonsezi zimacita cinthu cimodzi: zimatulutsako phula pang'ono, n'kukankhira lotsalalo m'kati.

Bungwe la madotolo a makutu, mphuno ndi pakhosi la ku America, lochedwa American Academy of Otolaryngology–Head and Neck Surgery, linatulutsa malangizo pa nkhaniyi m'caka ca 2008 ndi kuwakonzanso mu 2017. Malinga ndi malangizowo, phula loculuka kapena lotseka khutu limapezeka mwa mwana 1 pa ana 10 ali onse, mwa wamkulu 1 pa 20, ndiponso mwa okalamba oposa 1 pa 3. M'dziko limenelo lokha anthu pafupifupi 12 miliyoni amapita kwa dotolo caka ciri conse cifukwa ca bvutoli.

Phula si litsiro

Ena amalichula kuti litsiro la m'khutu, koma dzina limenelo ndi losoceretsa. Phula silicokera kunja. Thupi limalipanga dala, ndipo liri ndi nchito yake.

Mpita wa khutu la munthu wamkulu ndi wotalika masentimita pafupifupi 2.5, kucokera pa bowo lakunja kufika pa mwinikhutu, kaja kacikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akakagunda, monga cimacitira cikumba ca ng'oma. Phula limapangidwa ca kukhomo kokha, pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mpitawo, pamene pamamera tiubweya. M'khungu la pamenepo muli tiziwalo ta mitundu iwiri: tina timatulutsa mafuta, tina timatulutsa madzi onga thukuta. Zimenezi zikasakanizika ndi timamba ta khungu lakufa limene limafunduka m'khutumo, pamapangika phula.

Phulalo limadzoza khungu kuti lisaume ndi kung'ambika. Limakola fumbi ndi tizilombo touluka monga ulimbo ukolera mbalame, ndipo madzi akalowa m'khutu amangotsetsereka osanyowetsa khungu. Liri ndi asidi pang'ono, amene amalepheretsa tizilombo tina toyambitsa matenda kuswana. Khutu limene lapalidwa mpaka kuyera mbee ndilo limayamba kuyabwa, ndipo likayabwa mwini wake amalitokosanso.

Phula liripo la mitundu iwiri. Lonyowa, lomata, la mtundu wa uci kapena loderako, ndilo lofala pakati pa anthu a mu Africa ndi ku Ulaya. Louma, lotuwa, loyoyoka ngati gaga, ndi lofala ku China, Korea ndi Japan. M'caka ca 2006 asayansi a ku Japan anaonetsa kuti kusiyanaku kumacokera ku jini imodzi yochedwa ABCC11, kutanthauza kuti mtundu wa phula ndi wa kumtundu. Kuda kwa phula pakokha si cizindikiro ca matenda. Phula limadera likakhalitsa.

Khutu limadzisesa lokha

Khungu la m'mpita wa khutu liri ndi khalidwe lacilendo. Likamakula limayenda. Limayambira pa mwinikhutu n'kumasunthira kunja pang'onopang'ono, pa liwiro longa la kukula kwa zikhadabo, litanyamula phula ndi zonse zimene phulalo lakola. Munthu akamatafuna kapena kulankhula, nsagwada zimagwedeza mpitawo, ndipo phula limamasuka n'kufika pakhomo, pamene limauma ndi kugwa, kapena kucoka posamba munthu osadziwa n'komwe.

Pa cifukwa ici, dotolo akapeza phula litagundana ndi mwinikhutu, kumene silipangidwa, amadziwa kuti mwina pali cinthu cimene cinalikankhira kumeneko.

Timitengo tathonje tinayamba kupangidwa ku America ca m'ma 1923 ndi munthu wina dzina lake Leo Gerstenzang, ndipo mapaketi ambiri a timitengoti amakhala ndi cenjezo lakuti tisalowetsedwe m'mpita wa khutu. Ndi ocepa amene amawerenga cenjezolo. Mpita ndi wopapatiza, ndipo kathonjeko kamadzaza pafupifupi mpata wonse, motero kamagwira nchito ngati munsi mu mtondo. Tsiku ndi tsiku phula limasinjika, kupanikizika ndi kuuma mpaka kusanduka cotsekera colimba. Thonje likatuluka lofiirira, mwini khutulo amakhutira kuti wayeretsa, osadziwa kuti cimene watulutsa n'cocepa poyerekeza ndi cimene walowetsa.

Ngozi yake sithera pamenepo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya The Journal of Pediatrics anapeza kuti kuyambira 1990 kufika 2010 ana oposa 263,000 ku America anathamangitsidwa ku cipatala atabvulala m'khutu ndi timitengo tathonje, kutanthauza ana 34 pa tsiku. Ambiri a iwo anali kudzitokosa okha. Kamtengo ka macisa kapena cipini n'zoipa koposa, pakuti zimakanda khungu ndi kutsegulira njira matenda, ndipo mwana kapena citseko cikagunda cigongono ca munthuyo, mwinikhutu amabooka.

Kutokosa n'kobvuta kuleka cifukwa kumakoma. M'khungu la m'mpita muli mitsempha yambiri yomva kukhudza. Umodzi wa iyo ndi nthambi ya mtsempha umene umafikanso kukhosi ndi m'cifuwa, ndiye cifukwa cake anthu ena amatsokomola akangolowetsa kanthu m'khutu, ndipo ena ocepa amakhala ndi cifuwa couma cosatha cimene cimaleka phula likacotsedwa.

Amene bvutoli limawabwerera

Si onse otsekeka makutu amene amatokosa. Pali anthu amene makutu awo amapanga phula lambiri mwacibadwa, ndi ena amene mpita wawo ndi wopapatiza kapena wokhota kwambiri, monga ana ambiri obadwa ndi Down syndrome. Kwa oterowa bvutoli limabwera, kucotsedwa, n'kubweranso patapita miyezi, ngakhale atasamala motani.

Ukalamba nawonso umasintha zinthu. Tiziwalo topanga phula timafooka, phula limauma ndi kulimba, ndipo kwa abambo tiubweya ta m'khutu timakula ndi kukhuthala n'kumaligwira kuti lisatuluke. Matenda a khungu amene amacititsa kufunduka amaonjezera timamba tosakanizika ndi phulalo.

Ciri conse cokhala m'khutu maola ambiri cimachinga njira yotulukira. Zoterezi ndi monga mahedifoni olowetsa m'khutu, kamakina kothandiza kumva, ndi zotsekera m'makutu zimene amabvala anchito a m'migodi, m'mafakitale ndi pa cigayo. Zotsekerazo n'zofunika ndithu, pakuti phokoso la makina limagonthetsa kosabwezeka pamene phula limacotsedwa. Cofunika ndi kuzisunga zaukhondo ndi kupimitsa makutu nthawi ndi nthawi. Ogwira nchito pa fumbi, monga ophwanya miyala ndi opala matabwa, nawonso amaona phula lawo likulimba msanga.

Zizindikiro zake

Phula likhoza kudzaza gawo lalikulu la mpita munthu akumvabe bwino, malinga ngati patsala kampata kodutsa mawu. Ici ndico cifukwa cake ambiri amati khutu latsekeka mwadzidzidzi atasamba, atasambira kapena atanyowa ndi mvula. Madzi amatupitsa phula, kampata kaja n'kutsekeka.

Munthuyo amamva ngati khutu ladzaza, mawu a ena amamveka capansipansi, koma mawu ake ndi kutafuna kwake zimamveka mokweza m'mutu. Ena amamva kulira m'khutu, kuyabwa, kupweteka pang'ono kapena cizungulire. Kawirikawiri phula limacepetsa kumva koma siligonthetseratu.

Amene amabvutika kwambiri ndi aja osatha kudzinenera. M'Cinyanja mawu akuti mwana wosamva ali ndi matanthauzo awiri, ndipo makolo ndi aphunzitsi amathamangira ku tanthauzo la mwano. Mwana amene sayankha akaitanidwa cakumbuyo, amene amayang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, kapena amene wayamba kutsalira m'kalasi atakhazikidwa kumbuyo, ayenera kupimidwa makutu asanalangidwe. Agogo nawonso akayamba kufunsa kawirikawiri kuti mwati ciani, kukweza wailesi, ndi kukhala phee pa zokambirana za pabanja, acibale amangoti ndi ukalamba. Mwina ndi ukalambadi, koma phula likaonjezera pa kumva kofooka kale, munthu amene akanatha kuceza ndi adzukulu ake amasanduka mlendo pakhomo pake. Mbali ya phulayo ikhoza kucotsedwa tsiku limodzi.

Kufewetsa phula

Malangizo a 2017 aja amanena momveka kuti phula limene silikubvutitsa munthu, ndipo silikuchinga dotolo kuona mwinikhutu, lisiyidwe. Kuyeretsa kokwanira ndi kupukuta kunja kwa khutu ndi kansalu konyowa kokulunga pa cala.

Ngati khutu latsekeka, sitepe yoyamba ndi kufewetsa phulalo. M'mafamase mumapezeka mankhwala odonthetsera m'khutu a mitundu ingapo: ena ndi amafuta, monga mafuta a olivi, ena ndi amadzi okhala ndi sodium bicarbonate, ena amacita thovu. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika zofufuza za mankhwala, linanena mu 2018 kuti kudonthetsera kwa masiku 5 kungathandize kuposa kungokhala, koma silinapeze umboni wakuti mtundu wina umaposa unzake, kapenanso kuposa madzi wamba kapena madzi amcere. Mtengo wokwera wa botolo si umboni wa mphamvu yake.

Nchito ya zaumoyo ya boma la Britain, ya NHS, imalangiza madontho 2 kapena 3 a mafuta a olivi, katatu kapena kanayi pa tsiku, kwa masiku 3 mpaka 5. Munthu amagona cammbali, khutu lotsekekalo liri kumwamba, ndi kukhala conco mphindi 5 mpaka 10 kuti mafuta alowerere. Mafutawo asatenthetsedwe pa moto. Kufumbata botolo m'manja kwa kanthawi n'kokwanira. Masiku oyamba khutu likhoza kutsekeka koposa poyamba cifukwa phula latupa, ndipo ambiri amalekera pamenepo poganiza kuti mankhwala awaonjezera bvuto. Phula lofewalo limatuluka lokha pang'onopang'ono m'masabata pafupifupi 2.

Pa nkhani ya mafuta, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization ndi lokhwimitsa. M'malangizo ake kwa anthu wamba limaletsa kuthira mafuta kapena mankhwala a kunyumba m'khutu. Kusiyanaku kuli ndi cifukwa cake. M'maiko ambiri a mu Africa muli anthu oculuka, makamaka ana, amene mwinikhutu wawo anabooka kale cifukwa ca matenda otulutsa mafinya, ena osadziwa n'komwe. Ciri conse cothiridwa m'khutu lotero cimadutsa pa bowolo kufika m'kati. Njira yotetezeka ndiyo yakuti namwino kapena dotolo ayambe waunika m'khutu ndi katoci kake, atsimikize kuti ndi phuladi, ndipo kudonthetsera kutsatire pambuyo. Munthu amene khutu lake linatulukapo mafinya kapena magazi, amene anacitidwapo opaleshoni ya khutu, kapena amene akumva ululu waukulu, asathire kanthu asanapimidwe. Madzi a masamba, a anyezi, palafini ndi mafuta a galimoto alibe malo m'khutu la munthu ali yense.

Palinso makandulo obooka pakati amene amagulitsidwa kuti amayamwa phula akayatsidwa ali m'khutu. Bungwe la Food and Drug Administration la ku America linacenjeza anthu za makandulowa mu February 2010. Sayamwa kanthu, zofiirira zotsala m'kati mwa kandulo ndi zotsalira za kandulo yomweyo. Cimene amasiya ndi mabala a moto ndi sera yodonthera pa mwinikhutu.

Zimene zimacitika ku cipatala

Kufewetsa kukalephera, pali njira zitatu. Yofala ndiyo kutsuka ndi madzi. Wanchito wa zaumoyo amakoka khutu cam'mwamba ndi cakumbuyo kuti mpita uwongoke, n'kupopera madzi molunjika ku denga la mpitawo, osati pa mwinikhutu, kuti madziwo adutse kuseri kwa phula ndi kulikankhira kunja. Madzi ayenera kufanana ndi kutentha kwa thupi, madigiri 37. Ozizira kapena otentha kuposa pamenepo amasokoneza ciwalo ca m'kati mwa khutu cimene cimathandiza munthu kuima osagwa, ndipo wodwala amacita cizungulire, mwinanso kusanza. Ku England, bungwe la NICE linalangiza mu 2018 kuti kutsuka kuzicitika ndi makina amagetsi oyeza mphamvu ya madzi m'malo mwa sirinji yopopa ndi manja, imene mphamvu yake njobvuta kuilamulira. Kumene sirinji ikugwirabe nchito, luso ndi kudekha kwa wopopayo ndizo zimateteza khutu.

Njira yaciwiri ndi kukoka phula ndi kacitsulo kokhota, dotolo akuona bwino lomwe m'katimo. Kusiyana kwa iye ndi munthu wa cipini kunyumba ndi kumeneko: wina akuona, wina akungopapasa. Njira yacitatu ndi kuyamwa ndi kapaipi kakang'ono kolumikizidwa ku makina, pogwiritsa nchito maikulosikopu. Imasokosa m'khutu koma sifuna madzi, conco ndiyo yoyenera kwa amene mwinikhutu wawo ndi wobooka. Imapezeka makamaka m'zipatala zokhala ndi cigawo ca makutu, mphuno ndi pakhosi. Mu Lusaka cigawo cotero ciri pa cipatala cacikulu ca UTH, ndiponso pa cipatala ca ana ca Beit CURE. Koma ulendo umayambira pa kiliniki ya pafupi. World Health Organization inanena mu 2023, pa tsiku lokumbukira za kumva limene limakhalako pa 3 March caka ciri conse, kuti mabvuto a makutu oposa 60 pa 100 ali onse angathe kuzindikiridwa ndi kuthandizidwa pa zipatala zazing'ono.

Wodwala ayenera kunena zina asanatsukidwe, ngakhale asanafunsidwe. Wa matenda a shuga, ndi amene citetezo ca thupi lake n'cofooka, akhoza kudwala matenda oopsa a m'mpita khungu likakandika ndi kukhala lonyowa. Womwa mankhwala ocepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin akhoza kukha magazi. Amene ali ndi khutu limodzi lokha lakumva asalole kuti litsukidwe ndi madzi popanda katswiri. Ndipo ngati mwana waika njere ya cimanga kapena nyemba m'khutu, madzi amaitupitsa n'kuikanikiza; imeneyo ndi nchito ya zipangizo.

Kwa amene phula limawabwerera, palibe mankhwala oletsa khutu kupanga phula, ndipo sipafunika kutero. Madotolo ena amalangiza madontho ocepa a mafuta kamodzi pa sabata kuti phula lisaume, ngati mwinikhutu ali bwino. Ena zimawathandiza, ena iai. Codalirika ndi kupimitsa makutu pa miyezi 6 mpaka 12 iri yonse, phula lisanatseke. Ogwiritsa nchito kamakina kothandiza kumva azikapukuta tsiku ndi tsiku, pakuti phula ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimakaononga kawirikawiri, ndipo kamakina kakayamba kulira mluzu, nthawi zina bvuto liri m'khutu osati m'kamakinako.

Pamene si phula

Khutu lotsekeka si nthawi zonse pamene limakhala ndi phula. Cimfine cimatupitsa kanjira kolumikiza m'kati mwa khutu ndi kuseri kwa mphuno, ndipo khutu limamveka lodzaza, monga zimacitikira m'ndege kapena galimoto ikamatsika mapiri. Kumeza, kuyasamula kapena kutafuna kumalitsegula, ndipo cimfine cikatha limacira. Mwa ana, madzi akhoza kukhala kuseri kwa mwinikhutu kwa miyezi. Madontho a phula safika kumeneko. Mafinya, fungo loipa, kutentha thupi, kapena kutupa kuseri kwa khutu ndi zizindikiro za matenda ofuna cipatala tsiku lomwelo.

Coopsa kwambiri, cifukwa sicipweteka, ndi kugontha kwadzidzidzi kocokera ku mtsempha wa kumva. Munthu amadzuka m'mawa khutu limodzi litatsekeka, kapena amazindikira poika foni kukhutu kuti sakumva kanthu, kawirikawiri pamodzi ndi kulira m'khutumo. Popeza zimafanana ndi phula, ambiri amagula madontho ndi kudikira. Mankhwala a bvuto limeneli, a gulu la steroid, amathandiza kwambiri akayambidwa m'masabata 2 oyamba, ndipo mwayi wocira umacepa masiku akamapita. Malangizo a NICE a 2018 amati munthu amene wasiya kumva mwadzidzidzi, m'masiku 3 kapena kucepera, ndipo zacitika m'masiku 30 apitawo popanda cifukwa cooneka m'mpita kapena kuseri kwa mwinikhutu, atumizidwe kwa katswiri kuti aonedwe pasanathe maola 24.